Nthano ya mayi ndi mwana obisirana chinsinsi ikuzizira pakati, ndiikonze bwanji?

Nachisale_Mlembi

Moni nonse. Ndikulemba nthano yaitali m'Chichewa, ya mtundu uja wa thriller, wodzetsa nthumanzi, ndipo ndafika pofuna maso a anthu odziwa ntchitoyi.

Nkhani ili motere. Mayi wa zaka 52 amagulitsa kaunjika mu Limbe ndipo amakhala ku Chilobwe ndi mwana wake wamkazi wa zaka 24, ejenti wa ndalama za pa foni. Mu 2012 mwamuna wachiwiri wa mayiyu, bambo womupeza wa mtsikanayu, anasowa, ndipo anthu anauzidwa kuti anapita ku Joni. Mu Malichi 2023, madzi a namondwe wa Freddy atakokolola nthaka m'munsi mwa phiri la Soche, mafupa a munthu akuonekera kuseri kwa nyumba yawo.

Usiku wa 2012 uja unayenda chonchi. Bamboyo analowa kuchipinda kwa mtsikana ataledzera. Mtsikana, wa zaka 13 nthawiyo, anamumenya ndi musi n'kuthawa, kumusiya akubuula. Mayi pobwera ku geni anapeza mwamuna atafa, musi uli pambali, ndipo anamukwirira pokhulupirira kuti wapha ndi mwana wake. Mtsikana pobwerera usiku anaona mayi ake akukoka mtembo, n'kukhulupirira kuti iwo ndiwo anamumaliza. Kwa zaka 11 sanafunsanepo. Tsopano aliyense akunamiza apolisi pofuna kuteteza mnzake. Wakupha weniweni ndi mlongo wa mayiyu, malume ake a mtsikana, yemwe ndikumutulutsa pa mutu 26.

Ndalemba mawu 42,000, mitu 28, ndipo mitu ikusinthana, wina m'maso mwa mayi, wina m'maso mwa mwana. Amene awerenga akuti mitu 6 yoyamba siilola munthu kugona, koma kuyambira mutu 9 mpaka 20 nkhani ikuzizira, ndipo wina wafunsa kuti, "Bwanji osangofunsana awiriwa?" Ndithandizeni: pakatipo ndikonze bwanji, za apolisi ndi mafupa ndilembe bwanji kuti zisakhale zabodza, nanga kusafunsanaku ndikuchite bwanji kuti kumveke?

Mkonzi_wa_Zolemba

A Nachisale, nkhaniyi ndi yamphamvu, musaitaye. Vuto lili pa mmene mwagawira chinsinsi. Popeza mitu ikusinthana kuyambira pachiyambi, pofika mutu 6 wowerenga walowa kale m'maganizo a mayi ndi a mwana, ndipo wadziwa kuti onse awiri akuganizirana molakwika. Kuchokera pamenepo iye akudziwa zambiri kuposa ampangankhani anu, ndiye akungodikira kuti iwo afike pomwe iye anafika kalekale. Wowerenga amapirira zimenezi kwa mitu iwiri kapena itatu ngati ngozi ikuoneka ikubwera. Zikapitirira amayamba kuwaona ampangankhaniwo ngati anthu ogona, ndipo nthumanzi imathera pomwepo.

Musanakhudze mutu uliwonse, tengani pepala lapadera mulembepo usiku uja, mphindi 15 zilizonse, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka kucha. Ligaweni panayi: chimene chinachitikadi, chimene mayi anaona, chimene mwana anaona, ndi anthu ena amene anali pafupi n'kumva kanthu. Pepalali silidzalowa m'buku, koma likuonetsani mabowo. Pakati pa kuthawa kwa mtsikana ndi kufika kwa mayi panapita nthawi yaitali bwanji? Malume anadziwa bwanji kuti m'nyumbamo muli munthu wovulala? Ku Chilobwe nyumba n'zothithikana, nanga woyandikana nawo sanamve kubuula kapena kulira kwa khasu usiku? Mafunso amenewa wowerenga adzawafunsa, ndiye muyambe mwawayankha inu.

Mukatero, dulani chinsinsicho m'zidutswa 6 kapena 7, muzitulutsa chimodzi pakatha mitu inayi. Chitengeni ngati ufa wa mu Febuluwale, wotapa pang'onopang'ono kuti ufike pokolola. Chidutswa chilichonse chisinthe munthu amene wowerenga akumukayikira, komanso chiwononge kanthu pakati pa awiriwa. Tiyerekeze kuti mwana wapeza kuti ndalama zimene ankauzidwa kuti "atumiza bambo ako ku Joni" zinali za mayi ake omwe, zochokera ku kaunjika. Mutu wotsatira usakhale wa iye akulingalira pabedi. Achitepo chinthu chosabwezeka: awotche kope la mayi ake lowerengeramo ndalama, kapena aname kwa wapolisi koyamba. Pakati pa nthano zotere pamazizira chifukwa anthu ake amangoganiza, kukumbukira ndi kulira. Pa mutu uliwonse kuyambira 9 mpaka 20, lembani chiganizo chimodzi chonena chimene chasintha pofika kumapeto kwake. Mutu umene chiganizo chake chayamba ndi "akukumbukira" kapena "akuda nkhawa" muuphatikize ndi wina kapena muuchotse. Ndikukhulupirira kuti pa mitu 12 imeneyi mutsala ndi 7 kapena 8.

Tsopano chachikulu, ndipo ndikudziwa kuti ndi ntchito yowawa: mitu 10 yoyamba yonse ikhale ya mwana yekha. Wowerenga akhulupirire limodzi naye kuti mayi ndi wakupha. Aziwaona mayiwo akuchapa, akusita kaunjika, akupita ku mvano, iye n'kumawaopa. Mawu a mayi alowe pa mutu 11, ndipo ndime yoyamba itembenuze zonse: iwo akudziwa kuti mwana wawo anapha munthu. Pamenepo wowerenga abwerera m'maganizo ku zonse zimene mayi anachita m'mitu 10 ija n'kuziona mwatsopano. Koma musabise musi mwachinyengo. Tikakhala m'maganizo a mwana, sangathe mitu 10 osakumbukirapo kuti anamenya munthu. Azikumbukira poyera, koma motsimikiza kuti anamusiya wamoyo, akuyankhula. Wowerenga wochenjera ayamba kukayikira yekha, ndipo zimenezo n'zabwino.

Zakale musazipatse mitu yathunthu. Zikhale zidutswa za mawu 300 kapena 400, chilichonse chodzutsidwa ndi chinthu chogwirika, monga fungo la palafini kapena khasu lagunda mwala. Mitu ikhale ya mawu 1,200 mpaka 1,800, ndipo izifupika pamene mukuyandikira pampondachimera.

Za malume wotulukira pa mutu 26, kumeneko n'kubera wowerenga. Aoneke pofika mutu 3.

Wazamalamulo_BT

Ine ndiyankhe za mafupa ndi apolisi, poti olemba ambiri amagwera pamenepa chifukwa chokopera za m'mafilimu akunja.

Patatha zaka 11 m'nthaka, mnofu unatha. Dokotala wopima anganene ngati ndi mwamuna kapena mkazi poona mafupa a m'chiuno ndi chigaza, angayerekezenso msinkhu ndi kutalika kwa munthuyo, koma sangatchule chaka chenicheni chimene anafa. Musamulembe akunena kuti "anafa zaka 11 zapitazo". Nthawi ichokere ku zinthu zosaola zopezeka limodzi ndi mafupawo: chitsulo cha lamba, makiyi, labala ya pansi pa nsapato, chingwe cha nayiloni, makobidi. Ndalama zapepala zinaola, koma makobidi akuluakulu akale a K5 ndi K10 aja a zitsulo zamitundu iwiri, amene analowedwa m'malo ndi ang'onoang'ono mu 2012, angamupatse wapolisi poyambira. Musamuike chiphaso cha unzika m'thumba, chifukwa kalembera wa dziko lonse wa ziphaso zimenezi anachitika mu 2017. Kulembetsa nambala za foni mokakamiza kunabweranso pambuyo pa 2012, choncho wapolisi sangangotenga simu khadi yakale n'kupeza dzina.

Chigaza ndicho chikuthandizeni kwambiri. Fupa lothyoka munthu ali moyo kapena atangofa limasiyana ndi fupa lothyoka litauma. Louma limaphwanyika mokhakhala, ndipo pothyokapo pamaoneka poyera kuposa mbali zina zimene zinadetsedwa ndi dothi kwa zaka. Izi n'zofunika kwa inu chifukwa miyala ya m'matope aja ikhoza kuswa mafupawo, ndipo loya adzanena kuti ming'alu yonse ndi ya namondwe. Chinanso, munthu akamenyedwa kawiri m'mutu, ming'alu ya kumenya kwachiwiri imakathera pa ming'alu ya kumenya koyamba, siidumpha. Motero dokotala anganene kuti anamenyedwa kawiri, n'kutchula koyamba ndi kwachiwiri. Chimene sanganene ndi dzanja la amene anamenya, kapena ngati panapita mphindi imodzi kapena ola. Mtsikana wanu akudziwa kuti anamenya kamodzi. Nambala imeneyi isungeni bwino.

Pofuna kudziwa mwini mafupawo, DNA ya mtsikana ilibe ntchito chifukwa si magazi a bamboyo. Pafunika mayi ake a bamboyo, mlongo wake kapena mwana wake womubereka, ndipo zotsatira muzipatse masabata ambiri, osati masiku awiri. Kudikira kumeneku ndiye wotchi ya buku lanu: zotsatira zikabwera, bodza la ku Joni latha.

Ganiziraninso nthawi imene mafupa akupezeka. Masiku oyamba matope atagwa, anthu, asilikali ndi apolisi anali kalikiliki kufukula anthu ongofa kumene. Mafupa ouma sakanawathamangira, ndipo ambiri akanati madzi akokolola manda. Apezeke pa sabata yachiwiri kapena yachitatu, ndipo pakhale chonena kuti awa si manda: okulungidwa m'lona, omangidwa ndi chingwe, popanda misomali ya bokosi.

Kumbali ya malamulo, womangidwa ayenera kuonekera kukhothi pasanathe maola 48, malinga ndi gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, ndipo ali ndi ufulu wokhala chete. Asanapereke sitetimenti amachenjezedwa. Mlandu wakupha umazengedwa ku High Court. Majisitireti sangauzenge ndipo sangapereke belo pa mlanduwu, choncho mayi wanu akamangidwa akadikirira pa limandi ku ndende ya Chichiri mpaka loya atapempha belo ku High Court. Wopanda ndalama amathandizidwa ndi a Legal Aid Bureau. Mlandu wakupha suwola, zaka 11 sizichotsa kanthu. Chilango cha imfa chinasiya kukhala chokakamiza pa mlanduwu mu 2007, ndiye musalembe loya akunena kuti wopezeka wolakwa anyongedwa basi.

Pali china chimene chingakupatseni mutu wolemera. Mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu, ndipo wosakwana zaka 14 amaimbidwa pokhapokha boma litasonyeza kuti ankadziwa kuti zimene akuchita n'zolakwika. Wanuyu anali ndi zaka 13 ndipo ankadziteteza kwa munthu wamkulu amene anamulowera kuchipinda. Mayiyu wasenza chinsinsi zaka 11 poopa chilango chimene mwina sichikanabwera. Iye sakudziwa zimenezi. Tsiku limene loya adzamuuze, mulipatse malo okwanira.

Nachisale_Mlembi

Zikomo kwambiri nonse awiri. Za ming'alu iwiri zanditsegula maso, ndipo mitu 10 yoyamba ndiilembanso. Chatsala ndi funso lija la "bwanji osangofunsana". Ndinayankha ndi ulemu wa mwana kwa mayi, koma owerenga sakukhutira. Komanso malume ndimulowetse bwanji msanga popanda kumuulula?

Nangondo_wa_ku_Mulanje

A Nachisale, owerenga anu akunena zoona. Ulemu umaletsa mwana kufunsa lero ndi mawa, koma pawokha sungasenze zaka 11. Chowaletsa chenicheni chikhale mantha a yankho. Malinga ngati mwana sanafunse, amayi ake akadali amayi ake. Malinga ngati mayi sanatchule, mwana wake angathe kukhala ngati anaiwala. Ndipo wowerenga aone akuyesa kufunsana katatu m'bukumo, n'kulephera pa zifukwa zosiyana. Koyamba wina walowa. Kachiwiri mayi atseka nkhani dala. Kachitatu funso lafunsidwa ndithu, koma aliyense walimva mwa njira yake. Mwana akuti, "Amayi, usiku uja ndinaona." Mayi akuyankha kuti, "Sunaone kanthu, sunachite kanthu, unali kwa anzako." Mwana akumva kuti akumuopseza kuti atseke pakamwa, pomwe mayi akumuphunzitsa chokanena kupolisi. Zokambirana zotere ndizo mtima wa buku lanu, ndipo zikufunika zambiri.

Musawakhazike pansi moyang'anizana. Nkhani zolemera pakati pa mayi ndi mwana wamkazi zimakambidwa manja ali pa ntchito: posankha nyemba, pomasula belo la kaunjika, pomangana tsitsi. Pomanga tsitsi m'pabwino koposa, chifukwa mwana wakhala pansi pakati pa miyendo ya mayi ake atawafulatira, saonana nkhope, ndipo chimene mwana akumva ndi zala zokha, pamene zaima ndi pamene zakoka mwamphamvu. Chikondi chawonso chisanenedwe ndi pakamwa. Mayi sanakwatiwenso, sanalole mwamuna aliyense kuchita lendi pamalopo, amagona chakukhomo. Mwana anakana ntchito ku Lilongwe ndipo amazengereza za chinkhoswe chake. Aliyense azimasulira za mnzake molakwika: mwana aziona ngati akulonderedwa kuti asaulule, mayi aziona ngati mwana wamangidwa ndi chikumbumtima. Pa mutu umodzi wokha, pamene zavuta kwambiri, mayi amene wakhala akunena "iwe" moyo wonse amutchule mwana wake "inu". Wowerenga aliyense wa Chichewa amva kuzizira kwake popanda inu kufotokoza.

Gwiritsaninso ntchito msasa. Anthu amene nyumba zawo zinagwa anasungidwa m'masukulu, amayi ambiri m'kalasi imodzi. Awiri anuwa alibe chipinda, alibe chitseko, aliyense akumva kunong'ona kwawo. Malo okambira ndi pamzere wa madzi kapena panjira ya kuchimbudzi usiku. Apa kusafunsana kuli ndi chifukwa chooneka ndi maso.

Bowo lalikulu limene ndikuliona ndi abale a mwamunayo. Ngati ukwati unali wa ankhoswe, munthu sangasowe zaka 11 akwawo osabwera kudzafunsa. Bodza la ku Joni limagwira kwa kanthawi chifukwa anthu amapitadi, ena opanda mapepala, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo ena amatchona osamvekanso. Koma mlongo wake wa bamboyo sangakhutire. Mupangeni mpangankhani wachinayi: mayi amene wakhala akufunsa kwa madalaivala a basi ndi kwa obwera ku Joni, amene amafika pakhomo chaka ndi chaka n'kunena kuti, "Alamu, palibe mwamvako?" Iyeyu ndi woopsa kuposa wapolisi chifukwa amadziwa lamba wa mlongo wake, ndipo DNA ichokera kwa iye. Musamupange woipa mtima. Nayenso wataya munthu.

Za malume, mwambo wathu wakupatsani kale njira. Iye ndi mwini mbumba. Mkazi yekha sangakoke mwamuna wamkulu n'kumukwirira usiku umodzi m'nthaka ya miyala, ndiye amene mayi angathamangire kukamuitana ndi mlongo wake. Malume athandize kukwirira. Akhalenso nkhoswe ya kuchikazi, amene wakhala akuyankha abale a mwamuna zaka zonsezi, wolipira fizi ya mtsikana, wobweretsa ufa ku msasa. Wowerenga amuona kuyambira mutu 3 ngati mzati wa banja, ndipo pa mutu 11 adziwa kuti anathandiza kubisa mtembo. Podziwa tchimo laling'onolo, sadzamufunira lalikulu. Pepala la mphindi 15 lija lisonyeze kuti mtsikana anangoona mayi ake okha chifukwa malume anali kudzenje.

Chonde musamupatse chifukwa choyera chokha. Ngati anapha pongoteteza mwana wa mlongo wake, wowerenga amukhululukira ndipo mathero afooka. Pakhale ngongole kapena nkhani ya malo pakati pa iye ndi mlamu wakeyo. Ndipo tchimo lake lalikulu likhale ili: mayi anamuuza kuti wapha ndi mwana, mwana atakula anamuuza kuti anapha ndi amayi, iye anamva zonse ziwiri n'kulangiza aliyense payekha kuti, "Usamufunse, ungamupweteke."

Mkonzi_wa_Zolemba

Zimene anena a Nangondo za malume zikumanga buku lonse, tengani zonse. Ndingowonjezera za mathero, poti pamenepa dongosolo likasokonekera ntchito yonse ija imapita pachabe.

Wapolisi asathetse nkhaniyi. Ntchito yake ndi kupanikiza basi. Mayi avomere mlandu wabodza kuti apulumutse mwana, mwana atamva avomere wake, wapolisi akhale ndi masitetimenti awiri otsutsana ndi lipoti la dokotala lonena kuti anamenyedwa kawiri. Mayi, amene sanamenye, alephera kutchula mbali ya mutu. Mwana atchula mbali yolondola, koma kamodzi kokha. Awiriwa akumane, kaya pa tsiku loona akaidi kaya kuseri kwa khothi, ndipo kwa nthawi yoyamba aliyense anene chimene anaona. Dzina la malume lituluke pakamwa pawo, powerengera okha amene anali ndi mpata pakati pa kuthawa kwa mtsikana ndi kufika kwa mayi. Kufunsanaku kubwere dzina la malume lisanadziwike, osati pambuyo pake, chifukwa ngati wakupha wadziwika kale, kufunsana kulibenso mtengo. Mutu umenewu ungafike mawu 2,500, ndi wokhawo wololedwa kutalika. Pambuyo pake mitu iwiri yaifupi yakwana, ndipo musawayanjanitse msangamsanga ngati zaka 11 zinali kusamvana kwa dzulo.

Pa za Freddy, kumbukirani kuti owerenga anu ena anataya abale awo ku Chilobwe komweko. Musatchule mabanja enieni, ndipo m'kalasi muja mukhale anthu amene akulira maliro awoawo osakhudzana ndi chinsinsi cha ampangankhani anu. Mayi woyandikana nawo mphasa amene akufunabe mtembo wa mwana wake, pamene awiri anuwa akupemphera kuti mtembo wina usadziwike, akupatsani mutu umene sungazizire.

Polembanso yambani ndi pepala la usiku uja, kenako mitu 11 mpaka 20, kenako mathero, mitu 10 yoyamba pomaliza, chifukwa mudzadziwa zoyenera kubzala koyambirira mukaona zimene zikufunika kutsogolo. Mukamaliza musawapatsenso owerenga akale aja, akudziwa kale wakupha. Pezani atsopano, muwapemphe alembe tsamba lililonse limene anaika buku pansi, komanso dzina la amene akumukayikira akafika pa mutu 5, 11 ndi 20. Ngati onse atchula malume pa mutu 11, mwamuonetsa kwambiri. Ngati palibe womutchula ngakhale pa mutu 20, muwonjezere zizindikiro ziwiri pakati pa mutu 12 ndi 18.